Tsabola wakale amene akuwawabe

Pa Nsaru, tsiku la msika, mvula ikakupezani chakumadzulo, malo apafupi ousapo ndi khonde la nyumba ya vidiyo. Dzinja lapitali tidaima pakhonde lotero tikudikira kuti mvula ikate, tipeze wa kabaza wotifikitsa kwa Kabudula. M'nyumbamo munkamveka kulira kwa jenereta ndi sipika yosasa mawu, koma choposa zonsezi chinali phwete la anthu. Titasuzumira tidapeza kuti pakanemapo panalibe mfuti, nkhonya kapena galimoto zothamangitsana. Panali amuna awiri okha ataima, akukambirana: Izeki ndi Jakobo. Chithunzi chinali chofuwira, chojambulidwa kalekale. Pabenchi yakutsogolo padakhala bambo wina waimvi amene ankatchula mawu a Izeki mwiniwakeyo asanawatulutse, kenaka n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa, ngati kuti akuwamva koyamba.

Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa, ndipo pa nthabwala zambiri mwambiwu umanena zoona. Nthabwala imene idakuseketsani dzulo, lero mukaimvanso mumangomwetulira mwaulemu, mkucha mumayang'ana kumbali. Koma John Nyanga, amene ankasewera ngati Izeki, adamwalira mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo uja, adatsatira mu 2021, komabe anthu akutulutsa ndalama yawo ya mtedza ndi fodya kuti awaonerenso. N'chifukwa chiyani nthabwala zina zimafa sabata isanathe, pamene zina zimakhalabe eni ake atagona? Ife tikuona kuti nthabwala yokhalitsa ndi imene idamangidwa pa munthu ndi pa mtolo umene munthuyo wasenza. Nthabwala yodalira kudzidzimutsa imagwira ntchito kamodzi, pakuti palibe amene amadzidzimuka kawiri ndi chinthu chomwecho. Koma imene ikuonetsani nkhope yanu yomwe, mumaibwerera monga momwe mumabwererera pagalasi.

Tiyambe takonza mawu awiri. Tikati mafilimu a akuluakulu, ena amathamangira kuganiza za zolaula, chifukwa ndi mmene mawuwa amamvekera pamisika. Ife sitikunena zimenezo. Tikunena nthabwala zimene mwana angaseke poona nkhope ya wosewerayo, koma mafuta ake amawamva ndi munthu amene adagonapo ndi ngongole ya katapila, adakhalapo pachikamwini, adaimapo pamzere wa ofesi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo tikati zolembedwa bwino, sitikutanthauza kuti liwu lililonse lidali papepala. Kulemba kumene tikunena ndi kumanga: kudziwa kuti munthu uyu ndi wotani, akufuna chiyani, akubisa chiyani, ndiponso kudzala kumayambiriro, oonera akupenya, mbewu ya chimene chidzamugwetse kumapeto.

Abale athu a kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, nyumba za vidiyozi mukuzidziwa, popeza pamadoko akuluakulu sizisowa. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe, pa Mpingu ndi pa Namitete m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kapena mkati ku Nsaru ndi ku Nambuma, moyo wa nyumbazi umatsata fodya monga wa kwanu umatsatira usipa. Msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa mabenchi amadzaza. M'miyezi yanjala ya Januwale ndi Febuluwale amapuma. Amene adakhalapo pafupi ndi nyumba yotere akudziwa kuti mafilimu ankhondo, omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aluso la pakamwa, amabwera n'kupita ngati mafashoni a zitenje. Mukangodziwa amene afe ndi amene atsale, filimuyo yatha ntchito. Koma pali kagulu kochepa ka zoseketsa kamene anthu amakaitanitsabe chaka ndi chaka, ndipo kagulu kameneka ndiko koyenera kukasanthula.

Nyanga ndi Mabedi adachokera m'gulu la zisudzo la Kwathu la ku Blantyre, limene lidasankha kusewera m'Chichewa pa nthawi imene zisudzo zolemekezeka, za kusukulu ndi za kukoleji, zinkachitika m'Chingerezi. Wailesi ya MBC idali itawalambulira kale njira ndi masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga, amene adaphunzitsa dziko lonse kuseka ndi makutu okha. Wailesi yakanema ya dziko lino itayamba mu 1999, nkhope za awiriwa zidafika kumene mawu okha ankafika kale.

Kamangidwe ka Izeki ndi Jakobo n'kosavuta kukafotokoza koma n'kovuta kukachita. Jakobo ndiye wodziwa zinthu. Amalangiza, amakonza, amachita manyazi m'malo mwa mnzake. Izeki amaoneka wotsalira: amamva mawu monga momwe anenedwera, amafunsa funso limene munthu waulemu safunsa, amayankha mokhota ndi nkhope yosalakwa. Woonera koyamba amaganiza kuti akuseka Izeki. Akaonera kachiwiri amayamba kukayika, pakuti chimene chimagwa pansi kawirikawiri ndi ulemu wachiphamaso umene Jakobo akuutchinjiriza. Funso lopusa la Izeki ndi lomwe lija tonse tinali nalo m'mimba koma tidaopa kulitulutsa pamaso pa abwana, apongozi kapena amfumu. Choncho sewero limodzi lili ndi zipinda ziwiri. Mwana amathera pabalaza. Wamkulu amalowa kuchipinda chamkati, ndipo ulendo uliwonse amapezako kanthu kamene sadakaone kale.

Tisaiwale kuti ntchito yolemera pa awiriwa inali ya Jakobo. Kuseketsa ndi nkhope n'kosowa, koma kukhala woongoka pambali pa woseketsayo, kumupatsa mpata, kudziwa nthawi yokhala chete kuti liwu la mnzako litere bwino, n'kosowa koposa. Achinyamata ambiri amene amatsanzira awiriwa lero onse amafuna kukhala Izeki. Zotsatira zake ndi anthu awiri okuwa nthawi imodzi, popanda khoma loti nthabwala igundepo n'kubwerera.

Luso limeneli silidagwe kumwamba ndi makamera. Pakati pa Achewa a kuno, msuweni ali ndi chilolezo chokuuzani mwachipongwe chimene mbale wanu sangayerekeze kunena, ndipo pamaliro adzukulu amaponya nthabwala pakati pa anthu olira popanda wowadzudzula. Makolo adazindikira kuti pali choonadi china chimene chikanenedwa ndi nkhope yokwinya chimabala ndewu, koma chikavala nthabwala chimalowa m'nyumba n'kukhala pamphasa. Izeki ndi msuweni wa dziko lonse.

Tikatuluka kunja kwa malire, chitsanzo chimene nyumba zathu za vidiyo zikuchidziwa bwino ndi Osuofia in London, filimu ya ku Nigeria ya 2003, imene adaikonza Kingsley Ogoro ndipo wosewera wamkulu ndi Nkem Owoh. Osuofia ndi mlenje wosauka wakumudzi amene walandira uthenga woti mbale wake wamwalira ku London ndipo wamusiyira chuma. Ana amafa ndi phwete pamene iye akugwira nkhunda za pa Trafalgar Square, poziona ngati ndiwo zongoyenda popanda mwini. Koma wamkulu akuona nkhani ina. Akuona mmene munthu wonyozeka pamudzi amasandukira wolemekezeka fungo la ndalama likangomveka. Akuona Osuofia akuwerengera mkazi amene malemuyo adamutomera, mzungu, pamodzi ndi katundu woyenera kumulowa, pamene mkaziyo ndi wosunga mabuku a chuma ali ndi mapulani awoawo. Aliyense m'filimuyi akuganiza kuti mnzake ndiye chitsiru. Ife amene tidaonapo abale akukanganira malata ndi njinga mtembo usanatuluke m'nyumba, mpaka dziko lathu lidachita kukhazikitsa lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye, sitikuseka za ku Nigeria ayi. Tikuseka za pamaliro a dzana.

Chitsanzo chimene tingafune kuti omasulira athu achipeze ndi filimu ya ku Egypt ya 1992 yotchedwa Al-Irhab wal-Kabab, kutanthauza uchigawenga ndi nyama yootcha. Adailemba ndi Wahid Hamed, adaitsogolera ndi Sherif Arafa, ndipo wosewera wamkulu ndi Adel Imam. Bambo wina wamba akufuna chinthu chimodzi chaching'ono: kusamutsira ana ake kusukulu yapafupi ndi kwawo. Akupita ku Mogamma, chinyumba chachikulu cha maofesi a boma pa Tahrir Square mumzinda wa Cairo. Woyenera kusaina palibe. Abwere mawa. Mawa palibenso. Wina wa muofesimo ali kalikiliki ndi zake, wina nthawi iliyonse imene munthu wafika ndi pepala amapezeka ali pamkeka akuswali, kusandutsa pemphero kukhala chobisalira ntchito. Bamboyo mtima utamuthawa, pakubuka chipwirikiti, ndipo mfuti ya mlonda ikupezeka ili m'manja mwake iye asanalingalire n'komwe. Boma lonse likunjenjemera kuti zigawenga zalanda nyumbayo. Nduna ikufunsa kuti akufuna chiyani. Iye ndi anthu amene akuti wawagwira ukapolo akuyang'anana, ndipo chimene chikubwera m'mitu mwawo ndi nyama yootcha, imene ambiri a iwo sangaikwanitse kugula.

Taonani kamangidwe kake. Palibe amene watereleka pa khoko la nthochi. Chilichonse chikubadwa kuchokera ku chinzake, ndipo chiyambi cha zonse ndi pepala limodzi losasainidwa. Nthabwala ya nyama ija imaseketsa, kenaka imaluma, chifukwa ikunena kuti anthu amene adazolowera kusafunsidwa, tsiku lowafunsa likafika sadziwanso chopempha. Mlimi wa kwa Kabudula amene adayendapo maulendo anayi kulondola chiphaso kapena dzina lake pa mndandanda wa fetereza sangafune womufotokozera filimu imeneyi. Zaka zoposa 30 zapita, koma tsabola wake sadathe ukali, pakuti mzere wa pa ofesi sudathe.

Ngakhale Charlie Chaplin, amene filimu yake Modern Times ya 1936 ilibe pafupifupi kukambirana kulikonse, akutsimikiza mfundo yomweyi. Wantchito wa m'fakitale akumanga mabawuti pa lamba wothamanga mpaka manja ake akupitiriza kumanga ngakhale atachoka pamakinapo, ndipo abwana akumuyesera makina omudyetsa kuti nthawi ya nkhomaliro isatayike. Mwana amaseka manja onjenjemerawo. Tenanti amene adasoka fodya kuyambira tambala woyamba mpaka nyali kuzima amaseka mwa mtundu wina.

Tsopano tione mbali inayo, pakuti si chilichonse chokhalitsa chimene chili choyera. The Gods Must Be Crazy, filimu ya Jamie Uys ya 1980, ikadaonetsedwabe kuno, ndipo mbewu yake ndi yanzeru: botolo limodzi la Coca-Cola lagwa kuchokera m'ndege pakati pa anthu a m'chipululu cha Kalahari amene ankagawana chilichonse, ndipo popeza botolo ndi limodzi, nsanje ndi ndewu zayamba. Pamenepo filimuyi ikuseka tonsefe ndi katundu wathu. Koma idapangidwa pa nthawi ya tsankho la ku South Africa, ndipo m'malo ambiri imaonetsa anthu amenewo ngati ana osadziwa kanthu, okondwa ndi umphawi wawo. Gawo la botolo likadali lamoyo. Gawo linalo, munthu akamakula m'maganizo, limayamba kumuchititsa manyazi.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu. Nyumba ya vidiyo ikuchepa mphamvu chifukwa kanema walowa m'thumba. Pa Namitete kapena pa Mpingu mnyamata amapita kwa otsitsa nyimbo n'kudzadzitsa memori khadi, kapena amalandira tizidutswa pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Mwa tizidutswa timeneti muli aluso enieni, ndipo tisawanyoze. Koma chifukwa choti kanthu ka mphindi imodzi kayenera kugwira diso msangamsanga, njira yachidule imakopa: kutukwana, mwamuna kuvala diresi n'kumakuwa, kutsanzira wachibwibwi, wolumala, wachialubino, kapena kalankhulidwe ka mtundu wina. Inu a kunyanja mukudziwa mmene zimamvekera pamene Chichewa cha Myao chasandutsidwa choseketsa chokhacho cha sewero lonse, ngati kuti munthuyo alibe nzeru kapena nkhani ina koma lilime lake basi. Amene tidaphunzira Surat Al-Hujurat tikudziwa chenjezo lake pa kunyozana ndi kuitanana maina achipongwe. Koma ngakhale titaika chenjezolo pambali n'kuyeza ndi muyeso wa luso lokha, nthabwala zoterezi ndi zosauka. Sizifuna kuti wolemba adziwe munthu aliyense. Woonera amaima patali n'kuloza chala, osazindikira kuti anyani amasekana zikundu. Ndipo popeza mulibe chipinda chamkati, mukaonera kamodzi mwamaliza nyumba yonse.

Muyeso wake ndi wapafupi: funsani kuti wagwa ndani. M'nthabwala yokhalitsa chimagwa ndi kudzikuza, umbombo, chinyengo, ulesi wovala jekete. Zinthu zimenezi zili mwa tonsefe, choncho woseka amadziseka yekha pang'ono, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'nthabwala yakufa msanga amagwa ndi munthu amene anali pansi kale.

Nthenda yachiwiri ya zoseketsa za kwathu ndi ulaliki. Chifukwa choti ndalama zojambulira nthawi zambiri zimachokera kwa mabungwe ndi makampani amene ali ndi uthenga wawo, woseketsa amasanduka mthenga. Sewero la Tikuferanji, limene lidatchuka pophunzitsa za Edzi, lidaonetsa ubwino ndi ngozi ya njira imeneyi. Manganya, amene ankamusewera Michael Usi, yemwe mu 2024 adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, amagwira mtima pamene waloledwa kukhala Manganya: wamakani, wodzidalira, wolakwa koma wosavomera. Pamenepo phunziro limadzilowera lokha. Koma m'masewero ambiri a mtundu umenewu imafika mphindi imene wosewera amavula umunthu wake n'kuyamba kuwerenga malangizo ngati chikwangwani cha pachipatala. Kuseka kumathera pomwepo, ndipo phunzirolo limathera limodzi nako. Munthu wamkulu safuna kutafuniridwa. Mukamupatsa mpata woti azindikire yekha, chimene wazindikiracho amachisunga ngati chake.

Sitikunena kuti akale adali opanda chilema. Zambiri za Izeki ndi Jakobo si mafilimu kwenikweni, koma zisudzo za pabwalo zimene kamera idangoimikidwa patsogolo pake. Zina zimatalika kupyola pamene nthabwala yathera. Ndipo m'zoseketsa zambiri za nthawi imeneyo, za kuno ndi za ku Nigeria zomwe, mkazi ankapatsidwa malo opapatiza: wolongolola, wokonda ndalama, kapena wongoima pambali kuti amuna aseketse. Aliyense amene adakhalapo pafupi ndi amayi akusinja pamtondo kapena akuphika pamaliro akudziwa kuti nthabwala zakuthwa kwambiri pamudzi sizichokera kwa abambo. Chuma chimenecho kanema wathu sadachikumbe mokwanira.

Pali ntchito ziwiri zimene zikudikira. Yoyamba ndi kusunga. Zimene zikuzungulira pamisika ndi makope a makope, ofuwira, odukaduka, osadziwika chaka chake. Amene ali ndi matepi oyambirira, kaya ndi wailesi, gulu la Kwathu kapena mabanja a malemuwa, akusunga kanthu kamene ndi ka mtundu wonse, ndipo tepi siidikira munthu. Yachiwiri ndi kulemba. Shemu Joyah, ndi mafilimu monga The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise ya 2017, adaonetsa kuti Mmalawi angathe kumanga filimu yaitali mosamala pa nkhani zolemera. Chisamaliro chomwecho chikufunika pa zoseketsa, zimene kwathu kuno zambiri zikadali m'tizidutswa. Anthu amaganiza kuti kuseketsa n'kopepuka kuposa kuliritsa, koma amene adayesapo akudziwa kuti omvera angathe kunamizira chisoni mwaulemu, pamene kuseka sikunamizirika.

Nkhani zoti zilembedwe sizikusowa, zikungoyenda pamsewu. Pali mkamwini wa ku Nambuma amene walima munda wa apongozi zaka khumi koma pa mlandu wa mwana wake yemwe amauzidwa kuti adikire amalume. Pali mlimi amene wagulitsa mabelo ku Kanengo, n'kukhala bwana masabata awiri pa Nsaru, kenaka n'kubwerera kukapempha mchere kwa mkazi amene adamusiya ndi nkhokwe yopanda kanthu. Pali wobwera kuchokera ku Johannesburg amene waiwala Chichewa m'miyezi isanu ndi umodzi koma amachikumbukira msanga galu akamuthamangitsa. Kunyanja nakonso muli nazo zanu: mwini ngalawa ndi alovi ake pa nthawi yogawana ndalama, wogula nsomba amene sikelo yake imadwala masiku a msika okhaokha. Wolemba amene angakhale pansi ndi mmodzi mwa anthu amenewa, n'kumukonda mokwanira kuti amuseke popanda kumunyoza, adzakhala atayamba ntchito imene Nyanga ndi Mabedi adaisiya.

Kwa ife a m'nyumba, amene madzulo timapeza banja lonse litazungulira foni imodzi, ntchito yathu ndi yaing'ono koma ndi yathu. Sitingaletse ana kuseka, ndipo sitiyenera kutero, pakuti nyumba yopanda kuseka imalemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Chimene tingachite ndi kukhala nawo pamphasa, kuonera limodzi, ndipo chikatha n'kuwafunsa kuti wagwa ndani, nanga wagweranji. Ngati kanthuko sitingathe kukaonera apongozi ali pomwepo, kapena ngati mnansi wathu wachibwibwi atalowa tingathamangire kuzimitsa, yankho talipeza kale. Ndipo ngati tikufuna kukaoneranso mawa, ngakhale tikudziwa mawu onse, ndiye kuti kameneko n'koyenera kusungira adzukulu.